Cidindo cogula ndi ndalama si mboni

Mlimi aliyense amene anagulitsapo cimanga, nshawa kapena soya adziwa cifukwa cake tiyamba tayang'ana sikelo tisanapacike thumba. Sikelo yoyesedwa ndi a boma, a Zambia Metrology Agency, ikhala ndi cidindo cosonyeza kuti kilo yake ndi kilo yeniyeni. Mkhristu nayenso adziwa kuti khadi la ubatizo lopanda cidindo ca parishi ndi pepala wamba, silingamuthandize pa tsiku la ukwati. Cidindo ticilemekeza cifukwa wodinda ayamba wafufuza. Ngakhale pakhale kandalama kolipira, sikelo yonama sidindidwa. Koma tsiku limene cidindo ciyamba kuperekedwa kwa aliyense amene watulutsa ndalama, cileka kukhala mboni, cisanduka lisiti cabe.

Izi n'zimene zacitika pa intaneti m'zaka zaposacedwapa, ndipo ife a nyuzipepa ino taona kuti n'kofunika kucenjeza awerengi athu. Amene muli ndi mafoni otsegula Facebook, Instagram kapena X munaonapo kacongi ka buluu pafupi ndi dzina la munthu kapena la kampani. Acinyamata akacha blue tick. Ambiri a ife tinaphunzira kuti tikaona kacongi aka, ndiye kuti wolembayo ndi mwini dzina weniweni. Kale zinalidi conco. Lero zinthu zinasintha, koma ambiri sanauzidwe.

Kacongi aka kanayamba ku kampani ya Twitter mu 2009. Panthawiyo anthu ochuka anali kudandaula kuti ena atsegula maakaunti m'maina ao ndi kulemba zamanyazi. Mmodzi wa iwo, Tony La Russa, mphunzitsi wa timu ya masewera a baseball ku America, anatengera kampaniyo kukhoti. Twitter inayamba kufufuza andale, atolankhani, oimba ndi mabungwe, ndipo ikakhutira kuti munthuyo ndi iyeyo, inali kumupatsa kacongi kwaulere. Facebook ndi Instagram nazonso zinatsatira. Kwa zaka zoposa 10, dziko lonse linazolowera kukhulupirira cizindikiro ici.

Mu Okutobala 2022, mpondamatiki Elon Musk anagula Twitter pa mtengo wa madola 44 biliyoni. Mwezi wotsatira analengeza kuti aliyense wolipira madola 8 pamwezi adzalandira kacongi. Sipanapite masiku ambiri. Munthu wina analipira ndalamayo, natsegula akaunti m'dzina la Eli Lilly, kampani yaikulu yopanga mankhwala, ndi kulengeza kuti insulin, mankhwala a odwala shuga, tsopano ndi aulere. Linali bodza, koma anthu masauzande analikhulupirira ndi kulifalitsa cifukwa ca kacongi. Kampani yeniyeni inacita kutuluka poyera kukana uthengawo, ndipo tsiku lotsatira masheya ake anatsika mtengo. Twitter inaimitsa malondawo kwa kanthawi, koma mu Disembala caka comweco inayambanso kugulitsa.

Pa 20 Epulo 2023, kampaniyo inacotsa macongi akale kwa onse amene sanalipire. Ngakhale akaunti ya Papa Francis inalandidwa kacongi kake ka buluu tsiku limenelo, ndipo pambuyo pake inapatsidwa kena kotuwa, kamene kampaniyo ipereka kwa maboma ndi atsogoleri a maiko. Taganizirani: kwa maola angapo mtsogoleri wa Akatolika onse analibe cizindikiro, pamene munthu wosadziwika wokhala ndi madola 8 anali naco. Patapita masiku ocepa, kampaniyo inabwezera macongi kwa anthu ena ochuka amene sanapemphe n'komwe, ena mwa iwo anali atamwalira kale. Mu Julayi caka cimeneco Twitter inasintha dzina kukhala X. Zonsezi zinacitika popanda kufunsa mamiliyoni a anthu amene anali kugwiritsa nchito malowo. Mwini anangogamula.

Kampani ya Meta, imene ndi mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, siinafune kutsalira. Mu Febuluwale 2023 inayamba kugulitsa kacongi kake pansi pa dzina la Meta Verified, poyamba ku Australia ndi New Zealand, pa mtengo wa madola pafupifupi 12 pamwezi pa kompyuta ndi 15 pa foni. Tinene cilungamo apa: Meta ifuna kuti munthu aonetse citupa ca boma cokhala ndi cithunzi cake asanalandire kacongi. Conco cizindikiro cao cinenako kanthu. Koma cimene cinena n'cakuti dzina ligwirizana ndi citupa, basi. Sicinena kuti munthuyo ndi woona mtima, kuti mbewu imene agulitsa idzamera, kapena kuti nkhongole imene alonjeza iliko. Wakuba nayenso ali ndi reji.

Cimene citidetsa nkhawa kwambiri pa malonda a Meta ndi zimene wolipira alandira pamodzi ndi kacongi: kutetezedwa kwa anthu onamizira dzina lake, ndi mwai wolankhula ndi munthu wa kukampani akakhala pa vuto. Kunena kwina, citetezo casanduka katundu wogulitsa. Parishi ya kumudzi kapena kopaletivu ya alimi imene ilibe ndalama ya mwezi ndi mwezi, wina akaba tsamba lake kapena akatsegula lina m'dzina lake, idzangolemba madandaulo pa fomu ndi kuyembekeza yankho limene mwina silidzabwera. Ku X nako, mayankho a olipira aikidwa pamwamba pa a anzao, ndipo kuyambira mu 2023 olipira ena alandira ndalama malinga ndi kuculuka kwa anthu amene aona zolemba zao. Pamene munthu alipidwa cifukwa ca phokoso, musadabwe akayamba kukokomeza nkhani.

Si ife tokha amene tiona vuto ili. Mu Julayi 2024, bungwe la European Commission linanena kuti kacongi ka X kasoceretsa anthu, pakuti aliyense angakagule popanda kufufuzidwa mokwanira. Mu Disembala 2025 bungwelo linalamula kampaniyo kulipira faindi ya ma euro 120 miliyoni pa milandu itatu, ndipo umodzi wa milanduyo unali wa kacongi komweka. Maiko a ku Ulaya ali ndi lamulo ndi msika waukulu umene makampani awa auopa. Ife kuno tilibe mphamvu yotere, ndiye cifukwa cake tifunika kudziteteza ndi nzeru zathu.

Ena adzati dongosolo lakale nalonso silinali lacilungamo, ndipo anena zoona. A Musk iwo eni ananena kuti linali kugawa anthu ngati mabwana ndi anchito. Mtolankhani wa ku Chipata kapena wansembe wa ku Lundazi sanali kupeza kacongi mosavuta monga mnzake wa ku London. Ndiponso kacongi kakale sikanali kuletsa akuba. Mu Julayi 2020, acinyamata ena analowa mwacinyengo m'makompyuta a Twitter ndi kugwiritsa nchito maakaunti a Barack Obama, Joe Biden, Bill Gates ndi a Musk amene, kulonjeza anthu kuti akatumiza ndalama adzabwezeredwa kawiri. Anthu anatumiza ndalama zoposa madola 100,000 m'maola ocepa. Koma mankhwala a cidindo cokondera ndi kucikonza kuti cifike kwa onse oyenera. Kucigulitsa osasintha maonekedwe ake ndi kudyera masuku pamutu anthu amene acikhulupirira mwacizolowezi.

Nkhani ya kacongi ingotionetsa cinthu cacikulu: pa malo awa ndife alendo. Amene analimapo munda wobwereka adziwa bwino. Ungazule zitsa, ungathire manyowa zaka zitatu, koma mwini munda akati caka cino ndilima ndekha, ulibe ponena. Tsamba la parishi pa Facebook, gulu la alimi pa WhatsApp, makasitomala amene mai wogulitsa nkhuku wasonkhanitsa kwa zaka zisanu, zonsezi zili pa munda wa eni. Kampani ingasinthe malamulo, ingabise zolemba zanu, ingatseke akaunti, ndipo palibe nyakwawa kapena khoti la pafupi kumene mungakasume mawa m'mawa. Ngakhale popanda coipa ciliconse, makina alephera: pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima padziko lonse kwa maola pafupifupi 6.

Nthawi zina mkangano wa kampani ndi boma upweteka anthu wamba. Mu Juni 2021, Twitter inafufuta uthenga wa pulezidenti wa Nigeria, Muhammadu Buhari, ponena kuti waphwanya malamulo ake. Boma la Nigeria linabwezera mwa kutseka Twitter m'dziko lonse mpaka Januwale 2022, ndipo amalonda ang'onoang'ono amene anali kudalira malowo ndiwo anavutika. Kuno kwathu tikumbukira pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linapita ku Khoti Lalikulu ndipo khotilo linalamula kuti zitsegulidwe. Apo sanali makampani amene anatseka, koma phunziro ndi limodzimodzi: njira imene makiyi ake ali m'manja mwa ena siiyenera kukhala njira yanu yokhayo.

Tsopano nkhani iyi ikhudza bwanji mlimi wa ku Katete kapena mai wa mumphakati ku Petauke? Ikhudza thumba lake. Tonse tamvapo za masamba otsegulidwa m'maina a nduna, a mabishopu kapena a mabungwe othandiza, olonjeza nkhongole, feteleza wochipa, nchito kapena malo a sukulu, malinga utumize kaye kandalama ka fomu pa foni. Mauthenga awa aculuka nthawi yogawa zipangizo za FISP ndi nthawi yokolola, pamene anthu ali ndi ciyembekezo kapena ali ndi ndalama m'manja. Wakuba wotere akapeza njira yoika kacongi pafupi ndi dzina, kapena akangojambula kacithunzi kofanana nako, ambiri adzagwa mumsampha. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Conco pempho lathu kwa alimi ndi ili. Musatumize ndalama kwa munthu amene mwamuonera pa foni cabe, kaya ali ndi kacongi kapena alibe. Nkhani ya feteleza ndi mbewu kafunseni kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu ndi kwa akomiti a kopaletivu. Mbewu gulani m'sitolo yodziwika, muone cizindikiro ca pathumba, ndipo musunge lisiti. Nambala yanu yacinsinsi ya ndalama za pa foni musauze munthu aliyense, ngakhale anene kuti aimba kucokera ku ofesi. Mukaberedwa, musabise cifukwa ca manyazi: kaneneni ku polisi ndi ku ZICTA, ndipo muuze anzanu kuti asagwe m'mbuna imodzimodziyo. Safunsa anadya phula.

Kwa atsogoleri a maparishi ndi mipingo yonse tikuti: lengezani m'chalichi dzina lenileni la tsamba lanu ndi nambala imodzi yokha yolandirira zopereka, ndipo muzilembe pa bolodi la zilengezo kuti aliyense azione. Uzani akhristu momveka kuti wansembe kapena m'busa sapempha ndalama kwa munthu payekha kudzera pa uthenga wa pa foni. Tsamba lisakhale m'manja mwa wacinyamata mmodzi, koma anthu awiri kapena atatu odalirika adziwe kalowedwe kake. Koposa zonse, musataye kaundula wa m'buku. Maina ndi manambala a akhristu, a mamembala a kopaletivu ndi a makasitomala alembedwe pa pepala ndi kusungidwa mu ofesi, kuti tsiku limene gulu la pa WhatsApp lidzazimiririka, mudzathe kuitana anthu ku maliro kapena ku msonkhano.

Kwa a boma ndi a ZICTA tipempha kuti macenjezo awa afike kumidzi m'zilankhulo zathu, pa mawailesi a m'madera ndi pa misonkhano ya alimi, osati m'Cingelezi ndi pa intaneti cabe, kumene ocenjezedwa ndi amene adziwa kale. Maunduna ndi maofesi a boma alengeze poyera masamba ao enieni. Ndipo popeza dziko limodzi laling'ono silingagwedeze makampani aakulu motere, boma likambirane ndi maiko anzathu a mu SADC ndi African Union kuti alankhule ndi mau amodzi, monga acitira a ku Ulaya. Pocita izi, malamulo oteteza anthu kwa akuba asasanduke cikwapu cokwapulira odzudzula boma.

Sitikuuza munthu kuti ataye foni. Mlimi adziwa mitengo ya ku Soweto Market ali kumudzi cifukwa ca foni, ndipo uthenga wa maliro ufika ku Kitwe m'mphindi imodzi. Izi n'zabwino, tizigwiritse nchito. Koma mukaona kacongi ka buluu, dzifunseni mafunso amene mufunsa pa sikelo ya wogula cimanga: anadinda ndani, anafufuza ciani, ndipo zikalakwika ndidzamupeza kuti? Ngati palibe yankho, bwezani ndalama yanu m'thumba, mupite mukafunse munthu amene mumudziwa nkhope ndi kwao.