"Dziko lachiwiri" mwalitenga kuti?

Ndatopa nayo mitu ya nkhani yoti asayansi apeza "dziko lachiwiri". Taonani za Proxima b, pulaneti yomwe inalengezedwa mu 2016. Palibe anaionapo, ngakhale pa chithunzi. Akatswiri a zakuthambo ku La Silla, ku Chile, anangoona nyenyezi yake, Proxima Centauri, ikugwedezeka pang'ono masiku 11 aliwonse, n'kudziwa kuti chilipo chikuikoka. Luso limenelo sindilinyoza ayi. Koma kugwedezekako sikutiuza kanthu za madzi kapena mpweya. Komanso tinyenyezi tofiira totere timalavula malawi oopsa, otha kuseseratu mpweya wa pulaneti yoyandikana nato. Mu 2023 telesikopu ya James Webb itayeza kutentha kwa TRAPPIST-1 b, yozungulira kanyenyezi kena kotere, zinaoneka kuti mwina ndi thanthwe lopanda mpweya. Anzanga olemba nkhani, zimenezi bwanji simuziika pamutu?