Ogwira ntchito m'zipatala asadzalowenso mliri chimanjamanja

Mkonzi,

Matenda a Covid-19 adapezeka koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, ndipo mwezi womwewo usanathe madotolo ndi anamwino a pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre adanyanyala ntchito. Ankafuna zodzitetezera, kulembedwa kwa anzawo ena oti athandizane nawo, komanso kukwezedwa kwa alawansi ya chiopsezo. Boma lidamva anthu atayamba ataya zida, pomwe mliriwo udali utadziwika kale kwa miyezi itatu kuchokera ku Wuhan.

Kachilomboka kamayenda ndi mpweya ndi timadontho totuluka munthu akamatsokomola kapena kuyankhula. Choncho wogwira ntchito m'chipatala amakumana nako ponseponse, osati kuwodi ya odwala Covid kokha. Pamzere wa odwala ongobwera kudzaonedwa pamakhala anthu oti ali nako koma sakuonetsa chizindikiro chilichonse. Nthawi yovula magolovesi ndi chovala chodzitetezera ndi yoopsanso, pakuti munthu wotopa ndi ntchito ya usiku wonse sachedwa kudzigwira kumaso. Ngakhale kachipinda komwera tiyi, komwe onse amavula masiki mazenera ali otseka, kamafalitsa matenda.

Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti pokamba za ngwazi za mliriwu amatchulidwa madotolo ndi anamwino okha. Nanga wokolopa m'wodi, wochapa nsalu za odwala, dalaivala wa ambulasi, wa kumotchale, ndi mlangizi wa zaumoyo woyenda khomo ndi khomo kumudzi? Awa ndiwo amagwira zonyansa ndi manja, koma masiki zikachepa amakhala omalizira kulandira, ndipo maphunziro a kapewedwe amawapitirira. Kunja kwa mpanda wa chipatala nako kudalibe mtendere: ena ankakanizidwa kukwera minibasi akaoneka ndi yunifomu, ena eninyumba ankawaopseza kuti asamuke.

Mu Januwale 2021 zinthu zidafika poipa. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti dziko lili pangozi. Mpweya wothandizira kupuma udasowa, bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe lidasanduka chipatala. Pofika nthawiyo, zina mwa ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbanira ndi mliriwu zidali zitamwazika kale. Kafukufuku wa ndalamazo adaonetsa kuti zina zidathera m'maalawansi ndi m'kagulidwe ka katundu kosatsata malamulo, mpaka nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, idachotsedwa. Wokazinga mtedza manja adapsa, wodya adali wina.

Poyamikira pakuyenera kuyamikidwa: katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021, ogwira ntchito zaumoyo adaikidwa patsogolo. Komabe kolera yomwe idabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 idawapezanso ali ochepa ndi otopa.

Unduna wa Zaumoyo usunge zodzitetezera zokwanira m'zipatala zonse, mpaka zing'onozing'ono za kumudzi, mliri usanafike. Alawansi ya chiopsezo itsate kuyandikira kwa munthu kwa wodwala, osati kukula kwa udindo. Ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo aonetsetse kuti wodwala kapena womwalira chifukwa cha matenda otengera pantchito, banja lake likulandira chipukutamisozi msanga.

Wokhudzidwa,
Zomba