Kariba inalela kampani ya ku Italy, nanga yathu ili kuti?

Palibe munthu mu Lusaka amene sadziwa dzina la Kariba. Malaiti akapita, ndilo dzina loyamba kuchulidwa, kaya mu saluni ku Mtendere, kaya kwa owochelela mageti ku Kalingalinga. Mu 2024, pamene cilala cinaphwetsa nyanja ndipo tinali kukhala mpaka maola 21 pa tsiku tilibe magetsi, ngakhale makondakita a mabasi anasanduka akatswili a mlingo wa madzi. Koma funsani kuti cipupa cija anamanga ndani, ambili angoti "azungu". Sananame, koma yankholo likubisa nkhani yaikulu. Kampani imene inamanga Kariba ikalipo mpaka lelo, inakula koopsa, ndipo mbili yake ikutiuza cimene ise a Zambia tinaphonya.

Mu 1956, boma la Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland linapeleka nchito yomanga damu ku gulu la makampani a ku Italy. Ambili anali kuyembekezela kuti nchito ipita kwa a ku Britain, popeza dziko linali m'manja mwawo, koma a ku Italy anachula mtengo wotsika. M'gululo munali Impresit, Girola, Lodigiani ndi Torno. Girola ndi Lodigiani anali makampani a mabanja, onse awili anayamba mu 1906, ndipo anaphunzila nchito pomanga kwawo, maka-maka madamu a m'mapili a kumpoto kwa Italy. Impresit inayamba mu 1929, inali pa ubale ndi kampani ya mamotoka ya Fiat, ndipo colinga cake cinali kusakila nchito kunja kwa dziko. Payekha-payekha, Zambezi ikanawakulila. Anasonkhanitsa makina, ndalama ndi anthu, n'kutsikila m'cigwa pamodzi.

Sizinali zamasewela. Mu 1957 ndi mu 1958 mtsinje unasefukila moopsa, n'kuwononga zina zimene anali atamanga kale. Anchito 86 anafa, Aafilika ndi a ku Italy omwe, ndipo chalichi ca St Barbara m'tauni ya Kariba, mbali ya Zimbabwe, cinamangidwa powakumbukila. Atonga pafupi-fupi 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Gwembe ndi tsidya lina la mtsinje, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Pofika 1959 cipupa cinaima: mamita 128 kupita m'mwamba, mamita 579 m'litali.

Manje onani cimene cinacitika nchito itatha. Atatu mwa makampani aja sanabalalike. Anatenga zidutswa za maina awo, Impresit, Girola, Lodigiani, n'kupanga dzina limodzi: Impregilo. Na dzina la Kariba m'thumba, anapita ku Ghana kukamanga damu ya Akosombo kuyambila 1961 mpaka 1965. Anamanga Kainji ku Nigeria. Anali m'gulu limene linaceka akacisi akale a Abu Simbel ku Egypt n'kuwasamutsila pamalo okwela kuti asamile m'madzi. Anatsogolela nchito ya damu ya Tarbela ku Pakistan. Mu 1994 anagwilizana kotheratu ndi kampani ina, Cogefar, kukhala kampani imodzi yaikulu.

Pambali panali kukula banja lina, la Salini, limene linayamba kumanga mu 1936 ndipo linazika mizu ku Ethiopia. Mu 2012 a Salini anapambana mkangano wa eni masheya n'kutenga utsogoleli wa Impregilo, mu 2014 makampani awiliwa anakhala Salini Impregilo, ndipo mu 2020 anasintha dzina kukhala Webuild. Anamanga nawo zipata zatsopano za ngalande ya Panama zimene zinatsegulidwa mu 2016. Ulalo wa Morandi utagwa ku Genoa mu 2018 n'kupha anthu 43, iwo pamodzi ndi Fincantieri anamanga watsopano, umene unatsegulidwa mu August 2020. Damu yaikulu ya ku Ethiopia pa Blue Nile, imene inatsegulidwa mu September 2025, ndi nchito yawo. Mphamvu yake ndi mamegawati 5,150, kuwilikiza kawili Kariba yonse, kuphatikiza mbali yathu ndi ya Zimbabwe, n'kutsalako.

Cimene nditengapo ine pa mbili iyi ndi ici: cuma ca kampani yomanga si magileda kapena matipa. Zimenezo mungabweleke, mungagule, zimacita dzimbili. Cuma cake ndi mndandanda wa nchito zimene inatsiliza, ndi anthu amene akumbukila mmene anazitsilizila. Pa tenda iliyonse yaikulu funso limakhala limodzi: munamangapo cotele? Kariba inapatsa a ku Italy yankho la funso limenelo, ndipo akhala akudyela yankholo zaka zoposa 60. Ise tinatsala na cipupa, magetsi ndi manda. Magetsiwo sindikuwapeputsa, anayendetsa migodi ndi mafakitale athu. Koma luso linakwela ndeke.

Umboni uli pa Kariba pomwepo. Madzi otuluka pa zipata za damu anakumba cidzenje cakuya mamita pafupi-fupi 80 m'munsi mwa cipupa, ndipo panafunika madola 294 miliyoni kuti damu ikonzedwe. Anakonza dzenjelo ndi Razel-Bec ya ku France. Makina owonjezela a mamegawati 360 ku Kariba North Bank anaika ndi Sinohydro ya ku China, imenenso inamanga Kafue Gorge Lower. Bwelani m'tauni. Maulalo a pamwamba a ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres ndi a Afcons ya ku India. Misewu ya L400 ndi ya AVIC International. Nyumba yatsopano ya pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ndi ya China Jiangxi. Heroes Stadium ndi ya Shanghai Construction. Ulalo wa Kazungula ndi wa Daewoo ya ku South Korea. Sindikudana ndi alendo, ndipo zambili mwa izi anamanga bwino. Koma aliyense wa iwo anacoka pano na tsamba lina loonjezela pa mndandanda wake, monga mmene anacitila a Impresit.

Sikuti sitinayesepo. M'nthawi ya a Kaunda, boma linagwilizana ndi Energoprojekt ya ku Yugoslavia n'kupanga kampani ya ZECCO. Nyumba ya misonkhano ya Mulungushi, imene inamangidwa mwamsanga-msanga cifukwa ca msonkhano wa maiko osatenga mbali wa mu 1970, ndi Findeco House imene tonse timalozela tikamauza mlendo njila, ndi zipatso za ubale umenewo. Koma mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, nchito za boma zinayamba kucepa. Kampani yomanga ili ngati moto wa pa mbaula, ukaleka kuikapo malasha umazima. Lelo dzina la ZECCO simungalione pa cikwangwani ca nchito yaikulu iliyonse mu Lusaka.

Ndisanapitilile, ndikambe poyela kuti makampani akulu-akuluwa si angelo. Mu 1992, pamene oweluza a ku Milan anayamba kufufuza ziphuphu pakati pa andale ndi amalonda, Cogefar-Impresit inali m'gulu la makampani amene mabwana awo anamangidwa. Ku Lesotho, mkulu wa nchito ya madamu a m'mapili, Masupha Sole, anaponyedwa m'ndende mu 2002 cifukwa colandila ziphuphu kwa makampani akunja, ndipo mu 2006 Impregilo inalipitsidwa faindi ya malandi 15 miliyoni pa mlandu wokhudzana ndi nkhani yomweyo. Conco sindikunena kuti titengele zonse. Ndikungonena kuti tione makwelelo amene anakwelapo.

Ndipo makwelelowo sanadzipangile okha. Mu 2019, makampani omanga a ku Italy ali pamavuto, Astaldi ikumila m'nkhongole, banki ya boma la Italy, Cassa Depositi e Prestiti, inaika ndalama mu Salini Impregilo kuti ikhale yolimba n'kutenga Astaldi. Boma linaona kuti luso lotele silofunika kulisiya kuti life. Makampani ambili a ku China amene tikuwaona pano ndi a boma, ndipo kawili-kawili amabwela atanyamula kale nkhongole ya banki ya kwawo. Ndiye wina akamati kontilakita wa ku Zambia angopikisana nawo pa msika, ati ndiye cilungamo, ine ndimaseka cabe. Mukuika mwana wa giledi 7 mu ling'i na Esther Phiri.

Tili nayo ndondomeko yakuti 20 pelesenti ya nchito yaikulu ya boma izipita kwa makontilakita a kuno. Papepala ndi yabwino. Koma pitani pa malo a nchito muone cimene anthu athu amapatsidwa: kukumba ngalande, kuika miyala ya m'mbali mwa msewu, kutema mitengo, kupenta mizele. Nchito izi zimadyetsa banja, koma sizipatsa munthu yankho la funso lija, munamangapo cotele? Mungakumbe ngalande zaka 20, simudzapatsidwa ulalo. Ndipo pali ena amene safika n'komwe pa malo a nchito. Amasaina, amalandila kandalama kawo, mlendo n'kugwila yekha 100 pelesenti yonse.

Cina cimene cimapha makampani athu ndi kulipilidwa mocedwa. Munthu watenga nkhongole ku banki pa ciwongola dzanja cokwela, wagula simenti, walipila anyamata, watsiliza nchito, kenaka adikile caka kapena ziwili kuti boma limulipile. Mu 2019 ngakhale Daewoo inaimitsa nchito pa Kazungula cifukwa ca malipilo ocedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti cimphona cingadikile, cili na nchito zina kumaiko ena. Kampani ya matipa awili ya ku Chinika singadikile. Banki imabwela kudzatenga matipawo.

Ndikudziwa cimene ena a inu mukamba: "Iwe, makontilakita athu ni ovuta. Ukamupatsa ndalama zoyambila, mailo wagula Land Cruiser, kiliniki yaima pa mawindo." N'zoona. M'nchito yanga ya utolankhani ndaimapo pa nyumba zotele, udzu utamela m'kati, mbuzi zikugona mmene munayenela kukhala odwala. Koma tifunse bwino, anapatsidwa nchitoyo anali ndani? Kambili si womanga weni-weni. Ndi munthu wa kampani ya m'cikwama, amene luso lake ndi kudziwana na akulu-akulu. Wotele amaipitsa dzina la mainjiniya amene anaphunzila ku UNZA ndi ku CBU, amene tsopano akugwilila nchito alendo kapena anapita ku Botswana ndi ku Australia. Mankhwala ake si kumana a Zambia onse nchito. National Council for Construction ndi ZPPA ali na mphamvu yocotsa wothawa nchito pa mndandanda. Aigwilitse nchito, ndipo maina azilengezedwa kuti tonse tiwadziwe.

Ndiye ticite bwanji? Coyamba, boma lizilipila pa nthawi yake, ndipo likacedwa lizilipila ciwongola dzanja, monga mmene ZRA imacitila na ise tikacedwa msonkho. Caciwili, mu 20 pelesenti ija muzikhala nchito yovuta, monga mizati ya ulalo kapena gawo lathunthu la msewu, ndipo dzina la kampani ya kuno lizilembedwa pa satifiketi yotsilizila nchito. Msewu wa Lusaka kupita ku Ndola ukumangidwa na ndalama zina zocokela ku NAPSA, kutanthauza ndalama za penshoni za inu ndi ine. Tili na ufulu wofunsa kuti ndi makampani angati a kuno amene adzatulukemo atakula.

Cacitatu ndi ca makontilakita eni ake. Pano aliyense afuna kukhala bwana wa kampani yake, na kadi yake yolembedwa udindo waukulu, ngakhale ali na wilibala zitatu cabe. Girola ndi Lodigiani anali atagwila nchito zaka 50 pamene anapita ku Kariba, komabe anavomela kusenza denga na anzawo, ndipo pambuyo pake aliyense anangotsala na zilembo ziwili m'dzina latsopano. Ndani wa ise angalole zimenezo?

Cacinai, tiwapatse nchito yosaduka. Ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo omanga ambili ang'ono-ang'ono apezelapo poyambila. Koma pakati pa kalasi ya sukulu ndi ulalo wa pamwamba palibe popondela. Lusaka ili nayo nchito yodzaza mpata umenewo. Caka ciliconse Kanyama, Misisi ndi Chawama zimamila, ndipo mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela. Ngalande zikulu-zikulu, mapaipi a zonyansa, maulalo a m'makomboni, iyi ndi nchito ya zaka zambili. Itagawidwa mwadongosolo, wotsiliza bwino gawo laling'ono n'kupatsidwa lokulilapo, ingakhale sukulu yathu monga mmene mapili a kwawo analili sukulu ya a ku Italy.

Pa Zambezi pakali nchito ina yaikulu imene ikudikila, damu ya Batoka Gorge, kumunsi kwa Victoria Falls. Mwacionekele adzaitsogolela ndi alendo, ndipo palibe colakwa pamenepo. Koma tsiku losaina mapepala, pambali pa kufunsa za mtengo ndi mamegawati, wina adzafunse kuti: nchito iyi ikadzatha, ndi kampani iti ya ku Zambia imene idzakhoza kupita ku Angola kapena ku Congo n'kunena kuti, inde, tinamangapo cotele?