Tulutsani Bawo, Agogo Asamangokhalira TV

Mu Disembala kuno ku Leeds, Bradford kaya Manchester, dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ife tili ku shifiti, ana kusukulu, agogo atsala okha ndi TV. Abale, khasu losalimira limachita dzimbiri. Mutu nawo n'chimodzimodzi.

Madzulo tulutsani bawo, awerengere nkhomo. Adzukulu awapemphe nthano, zilapi ndi mayina a abale akumudzi, m'Chichewa. Muziimba nawonso: bungwe la Alzheimer's Society lili ndi magulu a Singing for the Brain poti nyimbo zakale sizichoka msanga m'mutu.

Koma akayamba kusochera m'njira yomwe amaidziwa kapena kuiwalaiwala poto pamoto, si ufiti ayi, ndipo bawo si mankhwala. Pitani nawo kwa GP. Angawatumize ku memory clinic ya NHS.