ZA M'MAIKO ENA: Alimi a Mkuwa Pansi pa Mzinda wa Moscow

Sabata ino tiyeni tipite ku Moscow, likulu la dziko la Russia, kumene sitima zonyamula anthu ziyenda pansi pa nthaka monga mfuko. Njanji imeneyi, imene eni ace aicha Metro, inatsegulidwa pa 15 May 1935 ndi masiteshoni 13 cabe. Lero masiteshoni ace apitirira 200, ndipo anthu mamiliyoni akwera sitimazo tsiku ndi tsiku.

Pamene ndinatsikira kumeneko pa masitepe oyenda okha, ndinali kuyembekeza kupeza mdima ndi cinyontho ca m'mgodi. Koma ndinapeza zipinda zazikulu zowala, za miyala yosalala ndi nyale zolendewera. Pa siteshoni ya Mayakovskaya, imene inatsegulidwa mu 1938, denga liri ndi zithunzi zoposa 30 zopangidwa ndi tizidutswa ta galasi tamawangamawanga tolumikizalumikiza. Zithunzizo, zimene anakonza mmisiri Alexander Deineka, zionetsa thambo, ndeke ndi nthambi za mitengo. Ndinayang'ana kumwamba kwa nthawi yaitali kotero kuti sitima ziwiri zinandisiya.

Siteshoni imene ndifuna kuti muimve bwino ndi ya Ploshchad Revolyutsii, nayonso ya mu 1938. M'menemo muli ziboliboli 76 za mkuwa wosanganiza ndi citsulo cina, zimene anaumba Matvey Manizer ndi anzace. Palibe mfumu pakati pao. Pali asilikali, anthu a m'migodi, ana a sukulu, mlimi wa tirigu, ndiponso mai woweta nkhuku ali ndi tambala pambali pace. Pali msilikali wa m'malire ndi galu wace, ndipo mphuno ya galuyo inacita mbee cifukwa odutsa, makamaka ophunzira amene ali pafupi kulemba mayeso, aisisita pofuna mwai.

Mtima wanga unakondwa poona mlimi atalemekezedwa motere pakati pa mzinda. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ziboliboli zimenezi zinaumbidwa mu ulamuliro wa Joseph Stalin. Zaka zowerengeka m'mbuyo mwace, boma lace linakakamiza alimi kupereka minda ndi ziweto zao ku mafamu a gulu, ndi kulanda tirigu m'nkhokwe zao. Mu 1932 ndi 1933 njala inapha anthu mamiliyoni ku Ukraine, ku Kazakhstan ndi m'zigawo zina za Russia. Mai wa mkuwa uja ndi wamphamvu ndi wokhuta, ndipo za njalayo sanenapo kanthu.

Nditacoka pansi pa nthaka ndinapita ku nyumba ya zithunzi ya Tretyakov, mu mzinda womwewo. Pavel Tretyakov anali wamalonda amene anayamba kugula zithunzi za amisiri a dziko lace mu 1856, ndipo mu 1892 anazipereka zonse ku mzinda wa Moscow kuti aliyense azione. Kumeneko ndinaima patsogolo pa cithunzi cochedwa Troika, cimene Vasily Perov anajambula mu 1866. Cionetsa ana atatu ovala nsanza akukoka cileyi ca mgolo waukulu wa madzi m'nyengo ya cisanu coopsa, madzi otayikira atauma m'mbali mwa mgolowo. Aliyense amene anatumapo mwana ku citsime mbandakuca angamve cithunzi cimeneci popanda womasulira. Perov sanafune kukondweretsa akuluakulu a nthawi yace, koma kuwaonetsa zimene ana a amphawi anali kupirira.

Inde, zonse ziwiri ndi nchito za luso lalikulu, ndipo sindinena kuti ziboliboli zija zigwetsedwe. Koma cina cionetsa munthu wamba monga m'mene olamulira anafunira kuti aoneke, pamene cinzace cimuonetsa monga m'mene analiri. Mlendo amene angoti "kukongola!" ndi kupitirira waona theka lokha.

Ambiri a ife sitidzafika ku Moscow, koma ku Lusaka timapita. Mukaima pa ciboliboli ca Ufulu kapena mukalowa m'nyumba yosungiramo zakale pafupi pomwepo, musafulumire. Funsani kuti anapanga ndani, m'caka citi, ndipo anamutuma ndani. Funsaninso za amene sanaikidwepo. Anzanu kumudzi akadzati, "Munaonako ciani?" mudzakhala ndi nkhani yeniyeni yowasimbira.

Tionane sabata ya mawa.