Mawu a Mkonzi: Mfuti Iweruzidwe ndi Zimene Ingachite

Ambiri kuno kum'mawa tili ndi abale ku Mtendere, komboni ya nyumba zothinana yomwe yayandikana ndi Kalingalinga, Kabulonga ndi Ibex Hill mu Lusaka. Dera limenelo kulira kwa mfuti si kwachilendo. Ronald Penza, yemwe anakhalapo nduna ya zachuma, anawomberedwa kunyumba kwake ku Ibex Hill mu 1998, ndipo Major Wezi Kaunda anaphedwa pachipata cha nyumba yake ku Kabulonga mu Novembala 1999. Ngati mipanda italiitali inalephera kutchinjiriza anthu otchuka chotere, mayi wa pakantemba ndi mnyamata wosunga ndalama za mobile money ku Mtendere ali ndi chifukwa chogonera khutu lili kunja. Mantha amenewa abala magulu awiri: ena akuti mfuti zonse za anthu wamba zilandidwe, ena akuti aliyense aloledwe kugula yake. Nyuzipepala ino ikuona kuti onsewo akulumpha funso loyamba, lakuti mfuti yoyenera kuletsedwa ndi yotani. Yankho lathu ndi lakuti lamulo liyeze zimene mfutiyo ingachite pakati pa anthu, lisiye kutengeka ndi dzina kapena maonekedwe ake.

Lamulo lathu la mfuti, Firearms Act, Chaputala 110, linapangidwa mu 1969. Limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi laisensi, mfutiyo ilembedwe m'kaundula wa apolisi, ndipo limaletsa munthu wamba kusunga mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Maziko ake ndi abwino, koma linalembedwa nkhondo zapachiweniweni za ku Mozambique ndi Angola zisanamwaze ma AK-47 m'malire athu, zomwe anthu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke anaziona ndi maso m'masiku a Renamo. Polikonza, tiphunzire kwa amene anatsogola. Mu 1994 dziko la America linaletsa mfuti zina potchula mayina ake ndi zizindikiro zakunja, monga chogwirira chopindika ndi pomangirira mpeni. Opanga mfuti anangochotsa zizindikirozo n'kupitiriza malonda, ndipo lamulolo linatha mphamvu mu 2004. Australia, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu 1996, inayang'ana kagwiridwe ntchito: inaletsa mfuti zazitali zodzilowetsera zokha chipolopolo chotsatira, ndipo boma linagula kwa eni ake mfuti zoposa 600,000 n'kuziphwanya. Lamulo loyeza mphamvu ya mfuti ndi lovuta kulizemba.

Miyeso yofunika ndi iwiri. Woyamba, mfutiyo iwombera kangati mwini wake asanaime kuti aikemo zipolopolo zina? Wachiwiri, kodi ingabisike m'thupi? Gogodela wa kumudzi amafuna wonga ndi nthawi yotsendera, amalira kamodzi, ndipo palibe angalowe naye m'minibasi osaonedwa. Chifefe chimatenga zipolopolo zochepa ndipo nachonso n'chachitali. Pisitoli yamakono imalowa m'chiuno, ndipo zambiri zimanyamula zipolopolo zoposa khumi. M'komboni momwe khomo la uyu lapenyana ndi zenera la uyo, ana akusewera m'tinjira, chipolopolo chophonya chimapeza munthu ndithu. Choncho pisitoli, imene ambiri amaiyesa kamfuti kodzitetezera, ndiyo iyenera kuvuta kwambiri kuipeza, ndipo kuinyamula kumowa, kumsika, kusiteshoni ya mabasi kapena kumsonkhano wa chipani kukhale mlandu ngakhale kwa mwini laisensi.

Mlimi wa ku Mambwe kapena ku Chama adzafunsa kuti njovu zikalowa m'munda atani. Funso lake n'lomveka, ndipo n'chifukwa chake tikukana maganizo olanda mfuti zonse. Lamulo lolekanitsa mfuti ndilo limamuteteza kuti asaikidwe m'gulu limodzi ndi achifwamba a m'tauni. Komanso chigwa cha Luangwa chatisonyeza kuti anthu amatula mfuti mwaufulu akapeza podalira pena: bungwe la COMACO lalandira mfuti ndi misampha kwa omwe ankapha nyama mozemba, powaphunzitsa ulimi ndi kuwagula zokolola. Wina adzati chigawenga sichipempha laisensi, ndiye lamulo likungovutitsa omvera. Koma mfuti ya chigawenga simera m'tchire. Kupatula zosula kumudzi, inatuluka m'fakitale ili ndi nambala, kenaka inabedwa, inabwerekedwa kapena inagulitsidwa. Ku South Africa mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anaweruzidwa mu 2016 kukhala m'ndende zaka 18 chifukwa chogulitsa mfuti zoposa 2,000 zomwe zinali m'manja mwa apolisi, ndipo zambiri zinathera kwa magulu a zigawenga ku Cape Town. Pangano la SADC la mfuti, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 2001, limafuna kuti mfuti zidindidwe ndi kulembedwa bwino chifukwa cha zoterezi.

Apa lamulo liyenera kugwiranso boma lenilenilo, popeza mfuti zoopsa koposa zili m'manja mwa ovala yunifomu. Mapenzi Chibulo anawomberedwa ku Chawama mu Julayi 2016 apolisi akubalalitsa otsatira chipani cha UPND. Pa 23 Disembala 2020 loya wa boma Nsama Nsama ndi Joseph Kaunda anafa ndi zipolopolo pakati pa Lusaka, ndipo bungwe la Human Rights Commission linapeza kuti anawomberedwa ndi apolisi. Mfuti yankhondo si chida chobalalitsira khamu. Ena adzakumbutsa kuti ku Kanyama mu Julayi 2021 anyamata awiri a chipani cha PF anaphedwa ndi zikwanje, ndiye vuto lili mumtima wa munthu. N'zoona kuti mtima ndiwo umapha, koma wa chikwanje ayenera kufika pafupi, anthu angamugwire, ndipo wothamangitsidwa angathawe. Wa pisitoli sapereka mpata umenewo.

Tikupempha aphungu a chigawo chino kuti akanene ku Nyumba ya Malamulo zinthu zomveka. Mfuti zankhondo ndi zonse zonyamula zipolopolo zambiri ziletsedwe kwa munthu wamba popanda kukondera. Pisitoli iperekedwe kwa yekhayo wasonyeza chifukwa chenicheni, waphunzitsidwa, ndipo ali ndi potsekera. Womenya mkazi alandidwe mfuti msanga. Chifefe ndi gogodela zilembedwe pamtengo umene mlimi angathe, mafumu ndi nyakwawa akuchitira umboni. Mwezi wa Seputembala, womwe African Union inaupatula kuti anthu azitula mfuti osazengedwa mlandu, ulengezedwe m'mabwalo a Kalonga Gawa Undi, Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni ndi mafumu onse. Ndipo chaka chilichonse apolisi ndi asilikali aziuza Nyumba ya Malamulo kuchuluka kwa mfuti zawo zomwe zasowa, chifukwa boma lomwe silinawerenge mfuti zake lilibe nkhope yowerengera za anthu.