Ophunzira a Zamoyo Atsikire ku Chilwa

Aliyense amene anatsikako ku Zomba nalowera kum'mawa, nakafika padoko la Kachulu dzuwa likungotuluka, pamene mabwato akukocheza ndipo amalonda akukangana mitengo ya matemba, adzavomerezana nane kuti pakhomo penipeni pa Yunivesite ya Malawi Namalenga anaikapo sukulu ina, imene munthu sanaimange ndi manja. Sukulu imeneyi ndiyo nyanja ya Chilwa. Chandigwiritsa cholembera lero ndi nkhawa yakuti anyamata ndi atsikana athu ophunzira sayansi ya zamoyo, imene iwo amaitcha bayoloje, angamalize zaka zawo zinayi atadziwa nsomba ya m'buku ndi chule wa m'botolo, koma mapazi awo asanapondepo thope la nyanja ya kwawo.

Chilwa ndi nyanja yosaya ndiponso yopanda potulukira madzi. Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe amathiramo madzi awo, koma palibe mtsinje wowatulutsa, kotero kuti dzuwa ndi mphepo ndizo zimamwa madziwo n'kusiya mchere. Ndipo mvula ikaperewera zaka zotsatizana, nyanja imaphwa, munthu n'kuyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi. Mu 1966, yunivesite idakali yakhanda ku Chichiri mu Blantyre, aphunzitsi ake a zamoyo, motsogozedwa ndi Pulofesa Margaret Kalk, anayamba kafukufuku wa nyanjayi. Ndipo popeza anali atayamba kale kuyeza madzi ndi kuwerenga zamoyo zake, pamene inauma mu 1968 iwo anali pomwepo, naona ndi maso awo umo matemba, makumba ndi milamba zimathawira m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje, ndi umo zimabwereranso madzi akadzaza. Zimene anapezazo zinasonkhanitsidwa m'buku lalikulu lotuluka mu 1979. Pamene nyanja inaumanso mu 1995, mafumu, asodzi ndi alangizi a zausodzi anagwirizana kulondera maiwe a m'mitsinje, podziwa kuti mbewu ya nsomba za mawa inabisala m'menemo.

Ambiri mwa otsogolera ntchito yoyambayo anali alendo, ndipo tiyenera kuwathokoza, pakuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Komatu mlendo ndi mame. Nyanja yomwe iwo anaiyeza inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo idzaphwanso ana athu akuona. Tsono amene adzaima pagombe ndi chingwe choyezera chaka ndi chaka, kufikira imvi zitamera, ayenera kukhala mwana wa dziko lino, amene agogo ake anadya matemba a m'nyanja yomweyo.

Mwana wotereyu amaleredwa poyamba ndi kafukufuku wochita ndi manja ake. Wophunzira wa chaka chomaliza akapatsidwa funso loti alifufuze, zimene amasowa kawirikawiri n'zazing'ono: ndalama ya basi, mafuta a boti kapena malipiro a wopalasa bwato, mabotolo, mankhwala osungira nsomba kuti isawole, ndi chakudya cha masabata angapo. Zinthu zimenezi zikasowa, iye amasankha funso loti aliyankhe atakhala pampando, natolatola pa intaneti zimene ena anaona kumaiko akutali. Koma tamuonani amene wapita kunyanja: wagwada m'bwato, watunga madzi, walemba tsiku ndi ola pabotolo, ndipo madzulo waika dontho limodzi pansi pa makina okuza zinthu, napeza kuti m'dontho limene ankaliyesa madzi chabe muli khamu la tizamoyo tosambira, timene matemba amadya. Akadzabwerako kasanu ndi kakhumi, nkhani ya akulu yakuti kuona maso a nkhono n'kudekha idzakhala italowa m'mafupa ake.

Chachiwiri, wophunzirayo asowa phungu. Makolo athu sankatumiza namwali kutsimba yekha; ankamupatsa munthu womuyang'anira, womunong'oneza pamene walakwa ndi womulimbitsa mtima pamene misozi yalengeza. Mphunzitsi woima patsogolo pa khamu la ophunzira sangathe kudziwa kuti uyu wasowa ndalama ya lendi, kapena kuti mtsikana uja, ngakhale ali wanzeru koposa anzake, akuopa kufunsa. Aphungu alipo m'dziko muno, ngati tiwaitana: akatswiri a zomera ku National Herbarium mu Zomba momwemo, amene amasunga masamba ouma a zomera za dziko lonse, ofufuza za nsomba ku Monkey Bay, a zankhalango amene akulimbana ndi kupulumutsa mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, ndi aphunzitsi opuma pantchito, amene nzeru zawo zikungogona m'makonde. Aliyense wa iwo atatenga ophunzira awiri kapena atatu, kumawerenga zolemba zawo ndi kuyenda nawo kutchire, m'badwo wa ofufuza ukadakula osaduka, pakuti m'mera mpoyamba.

Chachitatu, chimene chimaiwalika msanga, ndi kubweza kumudzi zimene zatengedwa kumudzi. Msodzi amene amagona miyezi m'chimbowera, nyumba yoyandama pakati pa udzu wa m'nyanja, amadziwa za mphepo, za fungo la madzi ndi za kumene mlamba umaswana, zimene palibe buku linazilemba. Sichilungamo kuti wophunzira amufunse mafunso tsiku lonse, akalembe lipoti m'Chingerezi, alandire digiri, msodziyo osamvanso kanthu. Abwerere, akhale pamphasa pamaso pa a mfumu, afotokoze m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe chifukwa chake ukonde wa maso ang'onoang'ono umapha mbewu, ndi umo nkhono ya m'madzi imasungira kachilombo ka likodzo. Apitenso kusukulu ya sekondale ya m'deralo, ana aone ndi maso kuti wasayansi ndi munthu wonga iwo. Ndipo iye mwini adzapindula koposa, chifukwa amene wakwanitsa kufotokozera gogo wosadziwa kuwerenga ndiye wamvetsadi chimene anaphunzira.

Ena adzati dziko ndi losauka, ndipo ndalama zochepa zimene zilipo zipite ku mankhwala ndi feteleza. Mawuwo ndi olemera, sindiwapeputsa. Koma pamene mbozi zachilendo zinagwa m'chimanga chathu mu 2017, amene tinawafuna mwachangu anali odziwa moyo wa tizilombo. Ndipo udzudzu ukaleka kufa ndi mankhwala, woyamba kuzindikira adzakhala yemwe anaphunzira kuugwira ndi kuuyesa.

Chotero ndikupempha aphungu a Nyumba ya Malamulo, eni makampani, mipingo, ndi inu amene munadutsa m'mayunivesite a ku Chirunga, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Ndata ndipo lero muli pabwino, kuti musonkhe thumba la kafukufuku wa ophunzira, lotuluka poyera chaka chilichonse, ndipo wolandira aliyense alonjeze kukanena zopeza zake kumudzi kumene anazitenga. Mutu umodzi susenza denga. Mvula idzaperewera ndithu, Chilwa adzabwereranso m'mbuyo, ndipo anthu a ku Kachulu ndi ku Chisi adzafunsa kuti nsomba zibwera liti. Tsiku limenelo pakhale mwana wawo wodziwa kuwayankha.